Tsiku la Ukwati wa Renita Ndinasankha Ndine

Tsiku la ukwati wa Renita ndinasankha ndine. Ndayamba ndi kuvomera kumeneku chifukwa m'tauni muno muli anthu amene amaifotokoza nkhaniyi ngati kuti ndimakana.

Renita ndi mwana wa mwana wanga wamkazi. Ndinamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, makolo ake atatisiya pangozi ya galimoto pamsewu wa ku Mobile. Mu Januwale anabwera ndi mphete pachala. Pambuyo pake panali Terrell Boykin, mnyamata wausilikali, chipewa chili kumanja. Anati akufuna kumanga ukwati mu Epulo.

"Epulo, mwezi wa kamvuluvulu?" ndinatero. "Ukufuna denga la tchalitchi tikalitole ku Georgia?"

"Chabwino agogo, Juni."

"Kutentha. Mayi Hattie anakomoka paukwati wa mu Juni, nagwera m'keke."

Ogasiti ndinakana chifukwa cha namondwe wochokera kunyanja. Disembala ndinakana chifukwa madzi amaundana pamlatho. Terrell anakhosomola pang'ono, nafunsa mwaulemu, "Agogo, kodi pakalendala yanu pali mwezi umene munthu sangafe?"

Inatsala nyengo ya mpira yokha. Ndipo kuno ku Tensaw munthu wa nzeru zake sakwatitsa mwana Loweruka kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Ngakhale maliro amadikira Lolemba. Mwana wa a Tillman anayesa chaka china, kunabwera anthu khumi ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali wojambula zithunzi.

"Koma lilipo Loweruka lachitatu la Okutobala," ndinatero. "Tsiku limenelo anyamata amapuma."

Sukulu sindinapiteko. Pamene ena ankaphunzira kulemba mayina awo, ine ndinali m'munda wa thonje. Koma pakoleji ya Tensaw ndinalowapo tsiku ndi tsiku kwa zaka 38, kudzera khomo lakuseri, kumene ndinkachapa mayunifolomu a timu ya mpira. Ndandanda wa masewero sindinkauwerenga papepala, ndinkauona pamatope. Dothi lakuda la kumadambo linkabwera mu Seputembala. Dothi lofiira la ku Marengo, adani athu a kutsidya la mtsinje, linkabwera kumapeto kwa Novembala, ndipo linkafuna kunyika kawiri. Sabata yachitatu ya Okutobala makina ochapira ankazizira, ine n'kupita kukakumba mbatata zanga.

"Agogo, munapuma pantchito zaka khumi zapitazo," anatero Renita. "Bwanji tidikire ndandanda watsopano utuluke?"

"Zaka 38, mwana iwe. Dzuwa umalidikira kuti litsimikize kaye kuti litulukira kum'mawa?"

Anandimvera. Anakauza abusa Gatlin, Terrell anapempha tchuthi kuusilikali cha sabata imeneyo, ndipo makadi 150 anasindikizidwa ndi zilembo zagolide. Ine ndimaopa njoka, mphezi, zikepe za m'nyumba zosanja, nkhono za m'nyanja ndi agalu ochezeka kwambiri. Chinthu chimodzi chokha chimene sindinachiope m'moyo wanga ndicho chinandiluma.

Mu Malichi analowa Lucius, mwana wanga womaliza, wa zaka 52, woyendetsa galimoto ya buledi. Iye ndiye anayenera kumugwira mkono Renita polowa m'tchalitchi, m'malo mwa malemu bambo ake. Analowa osapukuta nsapato, foni ili m'mwamba.

"Amayi, tasamuka."

"Ndani wasamuka?"

"Tensaw. Tatuluka mu Ligi ya Mitsinje Itatu, talowa ya Nyanja Ziwiri. Tizikasewera ku Oregon, ku Idaho, ku California. Wopambana ligi imeneyo amalowa ndime yachipulula ya dziko lonse osagwadira munthu. Tatha kusewera pakhomo ngati ana, amayi."

"Oregon ameneyo ndi kupitirira Memphis?"

"Kupitirira Memphis kasanu. Pandege."

Sabata yonseyo ndinadera nkhawa ana a eni amene azikwezedwa ndege Loweruka lililonse. Ndinadera nkhawa a bandi ndi malipenga awo. Za tsiku la ukwati sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Ndandanda unatuluka mu Epulo. Marengo inatsala mu ligi yakale, ndiye masewero athu ndi iwo, amene anachitika zaka 91 osadumpha, anali atatha. Akuluakulu anagwirizana kuti pakhale masewero amodzi otsazikana, pabwalo lathu. Tsiku lokha limene timu yathu inalibe chochita linali lija anyamata amapuma. Lucius anandiwerengera pafoni akuseka. Atafika pa detilo anasiya kuseka.

Renita sanakalipe, ndipo zikanandipepukira akanakalipa. Anakhala patebulo akutembenuza khadi limodzi m'manja.

"Tisunthe," ndinatero. "Lachisanu?"

"Lachisanu ndi mpira wa ana a sekondale, mukudziwa. Novembala Terrell akupita kutsidya la nyanja, tchuthi china palibe. Ndipo agogo, ndasuntha kanayi chifukwa cha mantha anu. Sindisunthanso chifukwa cha mpira." Anaika khadi pansi. "Sindikufuna zambiri. Ndikufuna ndikacheuka ndili kuguwa, ndikaone anthu. Amayi kulibe, ababa kulibe. Ndisakaonenso mabenchi okhaokha."

Mafoni anayamba kulira. Mayi Verlene anati dokotala wa maso wawapatsa Loweruka lomwelo. Mkulu wa kwaya anati mawu ake adzakhala atasasa mu Okutobala, ndipo anadziwiratu zimenezi mu Meyi. A Purvis Boykin, bambo ake a Terrell, amene sanajombe masewero a Marengo zaka 41, ngakhale chaka chimene anawang'amba pamimba kuchipatala, anabwera n'kukhala pakhonde langa. Anamwa tiyi wozizira matambula awiri. Kenako anati, "Asewere, tinakulakwirani chiyani?"

Ndinaganiza zokonza zinthu ndekha. Ngati anthu a masuti anakwanitsa kusokoneza dziko lonse pa sabata imodzi, nkhalamba imene inachotsa dothi la ku Marengo pamathalauza oyera ingalephere kulibwezeretsa? Ndinatulutsa zivindikiro za mabotolo a jamu, zoposa makumi atatu, n'kuziyala patebulo. Chivindikiro chilichonse chinali koleji. Lucius ankanditchulira mayina ali m'kati modya chigumu changa, ine n'kumaika. Idaho sinakwane patebulo, ndinaiika pazenera.

"Malamulo anga ndi awa," ndinamuuza. "Basi izinyamuka kutacha, izibwerera dzuwa lisanalowe. Ndege ayi. Mlatho usatalike kuposa Pemphero la Ambuye."

"Mlatho wa ku Marengo ndi wautali kuposa pamenepo."

"Ukamapemphera modekha umakwanira. Makoleji a kumene nthaka imagwedezeka azisewera okhaokha, azingotiimbira foni kutiuza amene wapambana. A kumene kumagwa chipale chofewa, chimodzimodzi."

"Nanga ndime yachipulula?"

"Opambana anayi akumane pabwalo limene lili pafupi ndi chipatala. Wogonja asamathamangitsidwe tsiku lomwelo, ayambe wadya."

Lucius ankachotsa chivindikiro chilichonse chophwanya malamulo anga. Pomaliza pakati patebulo panatsala zitatu.

"Amayi, ligi yanuyi muli Tensaw, Marengo ndi sukulu ya ubusa ya ku Camden. Sukulu ya ubusa ilibe timu."

"Ndiye palibe amene angavulale."

"Akupatseni udindo. Mudzakhala munthu woyamba kuthetsa mpira popanda kuuletsa."

Anaseka mpaka chigumu chinam'tsamwa, ndipo ndinamuuza kuti ndinam'chenjeza kale za kuseka uku akudya. Koma chofunika chinali choti m'ligi yangayo Marengo inabwerera ku Novembala, ndipo Okutobala wa Renita anayera.

Lolemba ndinavala diresi la kutchalitchi, ndinaika zivindikiro m'chikwama, n'kukwera basi ya kukoleji. Ndinalowera khomo lakutsogolo koyamba m'moyo wanga. Mkulu wa zamasewero anali a Royce Whitlock. Mtsikana wa pakhomo anati popanda kupangana tsiku sangandione.

"Kawauze kuti wabwera amene amawadziwa ngati nambala 64, uja ankapukutira mphuno pamkono wa jezi."

Anatuluka okha, mimba patsogolo, manja ali tambasu. "Mayi Ozella. Lowani, lowani, musanakumbukire zina."

Ndinakhuthula zivindikiro padesiki lawo. Anamvetsera zonse, ngakhale za mlatho. Anatenga cha Oregon n'kuchiyang'anitsitsa ngati chili ndi mawu.

"Amayi, tinalemba ntchito akatswiri ochokera ku Chicago, anatha miyezi isanu ndi umodzi. Mapu awo ndi anuwa kusiyana kwake n'koti anuwa ndawamvetsa."

"Ndiye bwezani Marengo ku Novembala."

"Ine sindingathe kusuntha ngakhale ola. Eni ake a mpira masiku ano ndi a kanema. Iwo ndiwo amatiuza nthawi yoyambira, kutatsala masiku khumi ndi awiri." Anandithandiza kutola zivindikiro. "Koma masewero aakulu chonchi kawirikawiri amawaika madzulo, anthu ambiri akakhala pakanema."

Anati kawirikawiri. Ndikulumbira kuti mawu amenewo ndinawamva. Koma pamene basi inkafika pa sitolo ya a Dunn anali atagwera panjira, ndipo kwa Renita ndinafika ndi mawu akuti mpira ndi wamadzulo, ndauzidwa ndi mwini wake.

"Mwatsimikiza, agogo?"

"Ndinam'chapira makabudula munthu ameneyo. Angandinamize?"

Tinalengeza kutchalitchi kuti ukwati ndi 11 koloko m'mawa, chakudya 12 koloko, ndipo pofika 3 koloko aliyense akhala atamasuka kupita kubwalo. Maso a mayi Verlene anachira. Mawu a mkulu wa kwaya anabwerera. A Purvis ananditumizira milamba inayi yosenda kale. Chilimwe chonse ndinayenda ngati mkazi amene anakalankhula ndi boma n'kuliwina.

Kutatsala masiku khumi ndi awiri, a kanema analengeza. Madzulo anawapereka kwa matimu ena aakulu a kumpoto. Tensaw ndi Marengo, 11 koloko m'mawa.

Ndinapita kwa Renita ndisanaitanidwe. Ndinam'peza akuyesa velo pagalasi.

"Tisunthire madzulo," ndinatero. "Kapena 7 koloko m'mawa."

"Madzulo theka adzabwera ataledzera ndi chimwemwe, theka ataledzera ndi chisoni, kutengera mmene zathera. Ayi agogo. Ndi 11 koloko. Amene abwere abwere." Sanandiyang'ane. "Amalume a Lucius okha asandichititse manyazi."

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yanga kuchenjeza anthu. Ndinawauza kuti mabenchi akumtunda a bwalolo ndi okalamba, ndinawaona akumangidwa. Ndinawauza za dzuwa la masana pamutu wopanda tsitsi, za ochemerera a ku Marengo amene adzabwere opanda choti ataye, za soseji zogulitsidwa pageti zimene palibe amadziwa mayi wake. Anthu ankandipatsa mpando ndi madzi, n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti munthu amene wachenjeza tauni kwa zaka makumi asanu, za mvula, mafani a kudenga ndi mavwende odyera padzuwa, chenjezo lake limasanduka ngati kulira kwa sitima ya 4 koloko. Aliyense amaimva, palibe amadzuka.

Tsikulo linacha bwino, popanda kamtambo, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa. Lucius anafika 8 koloko atavala suti yotuwa, duwa pachifuwa. Ndinaona nsonga ya tikiti m'thumba lamkati.

"Icho n'chiyani?"

"Amayi, ndingokaona anyamata akutsika basi, bandi ikuimba. Zimenezo ndi 9 koloko. Pofika hafu pasiti teni ndili pakhomo la tchalitchi. Ndi komaliza, amayi. Ababa ananditengera kumeneko ndili ndi zaka zisanu."

"Apolisi amatseka misewu yotulukira kubwalo mpaka mpira utayamba."

"Inu mumaopa chilichonse."

Aka kanali koyamba chaka chonsecho kuti ndinene zoona, ndipo kanapita pachabe pamodzi ndi zinazo.

Ndinaima pakhomo la tchalitchi ndi dengu, kulanda mafoni ndi timawayilesi. Anthu ankabwera mmodzimmodzi. Mayi Verlene anabwera atavala magalasi akuda, osandipatsa moni. A kwaya anabwera asanu ndi awiri, mkulu wawo palibe. Kutatsala mphindi khumi anatsika m'galimoto a Purvis Boykin, suti yakuda, maso ofiira ngati achokera kumaliro. Anaponya foni m'dengu, kenako anapisa m'sokosi n'kutulutsa kawayilesi, naponyanso.

"Tikiti ndapatsa mwana wa mlongo wanga," anatero. "Musandilankhule mpaka Khirisimasi, asewere."

11 koloko inakwana. Lucius kunalibe. Foni yochokera kwa iye inalira m'dzanja la Renita kuchipinda chovalira, ndipo ndinamva mawu ake pakati pa malipenga ndi phokoso: misewu yatsekedwa, akuyesa kubwera wapansi, timudikire theka la ola. Ngati analidi pamsewu kapena anali atakhala kale pabenchi, sindinafunse, ndipo mpaka lero sindifunsa.

Renita anazimitsa foni. Sanalire. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Siyani dengulo, agogo. Mundilowetsa ndinu."

"Ine? Mwana iwe, mawondo anga. Kapeti imeneyo ili ndi khwinya pafupi ndi benchi lachisanu, ndakhala ndikuwauza abusa zaka zitatu. Ndipo ntchito imeneyi ndi ya mwamuna. A Purvis alipo."

"A Purvis ndi a kuchimuna. Tsiku munasankha ndinu, ola munasankha ndinu. Gwirani mkono."

M'tchalitchi chimenecho ndakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuyambira ndili mtsikana, kuti moto ukabuka ndikhale woyamba kutuluka. Kanjira ka pakati sindinkadziwa kuti n'kotalika chotero. Limba linayamba, anthu anaimirira, maso onse anatembenukira kwa ife. Ndodo ndinaisiya chifukwa dzanja lina linagwira mkono wa Renita, lina linagwira chipewa.

"Kweza diresi pang'ono," ndinanong'ona. "Kandulo iyo ili pafupi ndi velo. Usayang'ane kumwamba, fani ija imagwedera."

"Agogo, khalani chete, mwetulirani."

"Khwinya lija likubwera."

"Ndaliona."

Tinalidumpha bwinobwino tonse awiri. Titangofika pa benchi lachitatu, mzinga wa kubwalo unalira. Amauomba Tensaw ikagoletsa, ndipo umamveka tauni yonse, ngakhale mawindo atatsekedwa. Dengu langa la mafoni linalibe nawo mphamvu. Tchalitchi chonse chinapuma mpweya umodzi. A Purvis anatseka maso. Mnyamata wa limba anaphonya chala. Abusa Gatlin anayang'ana kudenga nati, "Ambuye ndi wabwino," ndipo palibe anafunsa kuti akunena za chiyani.

Amene analumpha ndi mantha ndi ine ndekha, ngakhale mzinga umenewo ndaumva moyo wanga wonse. Bondo lamanzere linapinda. Renita anandikoka ndi mkono umodzi, maluwa ali kwinako, ndipo masitepe atatu otsalawo anandiyendetsa ndiye. Anthu amene amati ndinamulowetsa mdzukulu wanga m'tchalitchi amandikomera mtima. Anandilowetsa ndi iyeyo.

"Ndani akupereka mkaziyu?" anafunsa abusa.

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Ndine, Ozella Crenshaw. Ndipo tsikuli ndinasankha ndine, musamunene mwanayu."

Wina kumbuyo anati, "Tikudziwa, mayi," ndipo anthu anaseka, ngakhale mayi Verlene.

Renita asanapereke dzanja kwa Terrell anacheuka. Inenso ndinacheuka, n'kuyamba kuwerenga ndi zala m'mphepete mwa diresi, monga ndinkawerengera masokosi. Mabenchi a kumanzere anali ndi mipata ngati mano anga. Malo a Lucius kutsogolo anali ndi chipewa cha munthu wina. Koma a Purvis analipo, a kwaya asanu ndi awiri aja, anzake a Renita a kuchipatala kumene amagwira ntchito, asilikali anayi a yunifolomu, ndi mwana wa a Tillman uja ndi mkazi wake, amene anakhala kutsogolo penipeni manja atapinda.

"Makumi asanu ndi limodzi, ndi atatu," ndinamunong'oneza. "Pa makadi 150. Pepa, mwanawe."

Anayang'anabe kanthawi, benchi ndi benchi, osafulumira.

"Akwana," anatero. "Kakhaleni pansi, agogo, musanagwe."

Ndinakhala pabenchi loyamba, kutali ndi khomo, pansi penipeni pa fani yogwedera ija.